Alendo a pa waya wa magetsi

Mvula ikayandikira, yang'anani mawaya a magetsi m'mbali mwa msewu wa ku Makanjira pa Lungwena. Anamzeze amadzaza ndi mu Okutobala momwe.

Sikuti onse ndi akwathu kuno ayi. Amene amamata zisa zadothi pakhonde ndi pansi pa milatho ndi eni mudzi. Koma aja a khosi lofiirira ndi mchira wa mphanda ndi alendo. Amaswana ku Ulaya ndi ku Asia, kuno amangodzadya tizilombo touluka, kumwa madzi a m'nyanja ali chiulukire, usiku nkugona m'bango. Pofika Epulo abwerera. Abale awo a ku North America nawo amathawira chisanu ku South America.

Mu 1911, namzeze wina anavekedwa kamphete kumwendo ku Staffordshire, ku England. Mu Disembala 1912 anapezeka ku Natal, ku South Africa. Kambalame kolemera magalamu pafupifupi 20 okha!

Ndiye inu ana a malegeni, asiyeni alendowa. Kanyama kake nkosakwana nthongo imodzi ya nsima, pomwe ntchentche ndi udzudzu amatichepetsera ndithu.