Mkungudza Umene Bambo Analonjeza

Bambo wina wa mu mzinda wa Blantyre, amene anabadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, anakhala zaka zambiri akukana pempho la ana ake loti akakwere phirilo. Kwa iye phiri silinali malo okacheza. Mayi ake ankapitako kukatola nkhuni, amalume ake ankatsikako ndi matabwa pamutu, ndipo okwera mwachisangalalo anali azungu okha, katundu wawo atasenzetsa anyamata a m'mudzi.

Koma ana akakakamira, kholo limagonja. Pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, mvula itaiwalika, banjalo linafika ku Likhubula pamodzi ndi mabanja awiri a anzawo. Ana ankafuna Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Bamboyo anali ndi lake lonjezo: adzawaonetsa mkungudza, mtengo wa fuko lino, umene mwachilengedwe umamera pa phiri ili lokha. Anawasimbira za fungo lake limene limakanirira m'zovala, ndi za thabwa lake limene chiswe chimalilephera.

Anatenga wowalondolera ndi onyamula katundu, nalowa njira ya Skyline. Njirayi siidziwa kuti uyu ndi bwana ku ofesi. Pasanathe ola, amene ankatsogola ndi nthabwala anali atakhala pa mwala, akupempha madzi kwa mwana wa zaka khumi. Atakwera ndithu, wowalondolerayo anawauza za khoma la kumadzulo la nsonga ya Chambe, thanthwe lotalika pafupifupi mamita 1,700, limene akatswiri amalikwera ndi zingwe. Anyamata awiri a m'gululo anayeserera pa mwala waung'ono wa m'mbali mwa njira, mayi awo atagwira pamtima.

Anafika pa chigono cha Chambe dzuwa litapendeka. Bamboyo sanavule n'komwe nsapato. Anatenga mwana wake wamkazi kupita ku chigwa china chimene ankachikumbukira kuyambira ali mnyamata. Anapezako zitsa zotuwa, zina zopserera ndi moto wolusa.

"Achimwene, kodi tasokera?" anafunsa motero.

"Ayi bambo, ndi pompano," anayankha wowalondolera uja.

Anthu okhala m'tauni amaganiza kuti kwawo kumawadikira mmene anakusiyira. Kafukufuku wa m'chaka cha 2017 anapeza mitengo ikuluikulu ya mkungudza isanu ndi iwiri yokha pa phiri lonselo. Nkhaniyi bamboyo anali ataimvapo pa wailesi, koma anaitenga ngati zokokomeza za mabungwe ofuna thandizo.

Mwanayo anakanda chitsa chimodzi ndi mwala, nanunkhiza. Fungo linalipobe. Kenaka anafunsa funso limene bambo ake ankaliopa: "Nanga adadi, anadula ndani?"

Kukanakhala kosavuta kuyankha kuti ndi akuba, pakuti odula mozemba analipodi, ndipo ogula anali anthu a ndalama a kutali. Koma iye anakumbukira matabwa a amalume ake aja. Ndiwo amene anamulipirira fizi ku sekondale. Anamuuza mwanayo zimenezi, mawu akutuluka movutikira. Mwanayo sanayankhe. Usiku umenewo, anzawo akuwotha moto ndi kukazinga mtedza, awiriwa anadya nsima mwakachetechete.

Sapitwa sanafikeko. M'mawa mwake chiperoni chinakuta phiri, ndipo wowalondolera anakanitsitsa kupitirira. Anawakumbutsa za mlendo wa ku Brazil amene anafera pafupi ndi nsongayo m'chaka cha 2009 atakwera yekha. Anyamata aja ananyinyirika, koma palibe anatsutsa.

M'malo mwake anawatengera pa malo pamene anthu a m'midzi yozungulira, mogwirizana ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, anadzala mbande za mkungudza. Zina zinali zitauma, zina zinali zofika m'chiuno. Mwana uja anafunsa kuti zidzakula liti kufanana ndi zitsa zija. Wowalondolerayo anayang'ana bamboyo, nayang'ana mwanayo, n'kunena kuti mwina adzukulu ake ndiwo adzazione.

Potsika, bamboyo analanda chikwama chimodzi kwa wonyamula katundu, mnyamata wa msinkhu wa mwana wake woyamba, nachibereka yekha mpaka ku Likhubula.