Land Rover Yakale ya ku Chama: Kodi Mtengo Wake Wagona Pati?

Boma la Chama lili kumpoto kwenikweni kwa chigawo cha Kum'mawa, m'chigwa cha mtsinje wa Luangwa, kumene Asenga amalima mpunga wonunkhira umene mbiri yake inafika mpaka ku Lusaka. Kuyambira 2011 mpaka 2021 bomali linali m'chigawo cha Muchinga, kenaka linabwezedwanso Kum'mawa. Koma kaya mapu alembedwe bwanji, wopita kwa Kambombo, kwa Tembwe, kwa Chikwa kapena kwa Chifunda amadziwa kuti wolamula ulendo wake ndi msewu. Dzinja likafika, dothi lakuda la m'chigwamo limasanduka phala lomata, ndipo timitsinje touma timadzaza usiku umodzi wokha.

Misewu yotere ndiyo inatchukitsa Land Rover m'dziko muno. Inanyamula odwala, aphunzitsi, ansembe, oyang'anira nyama zam'tchire ndi matumba a mpunga. Tikamatsika m'chigwa kuchokera ku Lundazi masiku ano, timakumana kwambiri ndi magalimoto a ku Japan. Komabe apa ndi apo, pansi pa mtengo wa mango, maso athu amagwera pa Land Rover yokalamba, yokhazikidwa pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Eni ake ali ndi funso: kodi tiimate ndi kuipaka utoto wowala kuti tiigulitse, kapena tingoipereka kwa ogula zitsulo zakutha, aja oyeza pa sikelo? Njira ziwiri zonsezi zikhoza kutayitsa banja chuma.

Kuti timvetse, tibwerere ku chiyambi. Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam mu 1948. Nthawi imeneyo, nkhondo yaikulu itangotha, chitsulo chinali chosowa ku Britain, choncho kampani ya Rover inapanga bodi ndi aluminiyamu. Koma chasisi, amene ali ngati mafupa a galimoto, pamodzi ndi chipupa cholekanitsa injini ndi pokhala dalaivala, anazipanga ndi chitsulo. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira lija, n'chifukwa chake Land Rover ya zaka 50 imatha kuoneka yamoyo kunja. Matenda ake amabisala pansi. Matope a m'chigwa amalowa m'mphako za chasisi, amasunga chinyezi miyezi yambiri, ndipo dzimbiri limadya kuchokera mkati. Pamene aluminiyamu akhudzana ndi chitsulo, monga m'munsi mwa zitseko, pamatuluka ufa woyera, ndipo posakhalitsa pamabooka.

Wogula wodziwa sayamba ndi utoto ayi. Amagwada, nalowa pansi ndi kanyundo, nagogoda chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwe. Chodyeka chimangoti phu. Akatero amafufuza nambala yodindidwa pa chasisi kuti aone ngati ikugwirizana ndi ya m'mapepala. Galimoto imene nambala yake inadulidwa powotcherera yataya dzina lake, ndipo mtengo umagwa pomwepo.

Nanga bodi? Apa ndi pamene ambiri amalakwira galimoto poganiza kuti akuikonza. Aluminiyamu akamenyedwa ndi nyundo amauma, ndipo ukapitiriza amang'ambika. Mmisiri weniweni amayamba wapaka sopo pamalo opindikawo, nawotcha pang'onopang'ono kufikira sopoyo atada; pakazizira, aluminiyamu amakhala atafewa, ndipo amawongoka mosavuta. Makina wamba owotcherera zitsulo za mawindo ndi ngolo sagwira ntchito pa aluminiyamu. Utoto nawonso sumata bwino popanda kuyamba wapaka wapansi wapadera wotchedwa etch primer. Zonsezi zimafuna nthawi ndi ndalama, motero wofulumira amangotenga fila, phala lija lomatira maenje, nakwirira zonse, napopera utoto. Galimoto imawala mwezi umodzi kapena iwiri. Koma misewu ya m'chigwa imagwedeza kosalekeza, dzuwa la mu Okutobala limatentha koopsa, ndipo fila wochindikala amayamba kusweka ndi kugwa zibenthuzibenthu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Wogula akaona kuwala kotere amayamba kukayika zonse, ngakhale zabwino zomwe. Pa magalimoto a bodi yachitsulo, monga Peugeot 404 kapena Land Cruiser yakale, amangoyendetsa maginito: pamene pali fila wambiri, maginito sagwira.

Kunja kwa dziko lino nkhaniyi ndi ya ndalama zambiri. Mu Januwale 2016 fakitale ya ku Solihull inatulutsa Defender yotsiriza ya mtundu wakale, mdzukulu wa galimoto ya 1948 ija. Chaka chomwecho kampani ya Land Rover inalengeza kuti idzakonza magalimoto 25 a mtundu woyambirira, wotchedwa Series I, ndi kuwagulitsa pa mapaundi 60,000 mpaka 80,000 iliyonse. Chimene ogula ankalipira sikuwala kwa utoto, koma ntchito yosamala, yosunga ziwalo zoyambirira mmene kungathekere ndi kubwezera mtundu umene galimotoyo inatuluka nawo m'fakitale.

Pali chitsanzo chinanso. Land Rover yotchedwa Oxford, imene inayenda kuchokera ku London kufika ku Singapore mu 1955 ndi 1956, inatha zaka zambiri ili yophwasuka pa chilumba cha Saint Helena. Mu 2017 inabwezedwa ku England ndi kukonzedwa, koma okonzawo anasiya zipsera zake zambiri, pozindikira kuti mbiri yake yalembedwa pamenepo. Mu 2019 inayendanso ulendo womwewo chobwerera.

Sitikunena kuti Land Rover iliyonse ya pansi pa mango ndi mgodi wa golide. Series III, imene inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ilipo yochuluka, ndipo mtengo wake sufika pa wa Series I. Ndiponso ku Chama galimoto imalemekezedwa ikafikitsa mayi wodwala kuchipatala mvula ili mkati. Koma pa mfundo imodzi wogula wa ku London ndi mlimi wa kwa Tembwe amagwirizana: onse amafuna chasisi cholimba ndi bodi yosabisa kanthu.

Tsono inu amene muli nayo, ichotseni pa dothi, tsukani matope a m'chasisi, ifunditseni ku mvula, ndipo sungani mapepala ake pamalo ouma. Ndalama zikapezeka, yambani ndi pansi. Utoto ubwere pomalizira. Ndipo wogula akafika pakhomo n'kunena kuti n'chitsulo chakutha chabe, musafulumire kuvomera musanawerenge nambala ya pa chasisi ndi kufunsa chaka chimene galimotoyo inapangidwa.