Kupinda Kuwala kwa Nyenyezi

Amayi atandifunsa kuti ntchito yanga yeniyeni ndi yotani, ndinawayankha kuti ndimasankha nyenyezi. Anaseka chikhakhali. "Ngati nyemba za m'lichero?" Ndinafuna kutsutsa, koma nditasinkhasinkha ndinaona kuti sanaphonye. Chomwe anakana kukhulupirira n'chakuti usiku ndimagona ngati wina aliyense. Ndimalowa mu ofesi ku Cape Town kutacha, kapu ya tiyi ili m'manja, ndipo patha zaka ndisanaikepo diso pa telesikopu. Nyenyezi zimandipeza pa kompyuta zitasanduka kale manambala: tsiku ndi nthawi imene chithunzi chinajambulidwa, kuwala kwa nyenyeziyo, ndi kukayikitsa kwa muyezowo. Mizere mazana angapo pa nyenyezi imodzi. Pantchito timangoti light curve.

Nyenyezi zomwe ndimalimbana nazo ndi zija zosakhazikika, zowala n'kuzirala, kuwalanso n'kuziralanso, mobwerezabwereza ngati kupuma kwa munthu amene ali m'tulo. Zina zimapumadi. Mkati mwake muli chigawo cha mpweya wa helium chomwe chikapanikizika chimatsekereza kutentha, kutenthako n'kukankhira chigawocho kunja. Chikafutukuka chimazizira, n'kulola kutentha kudutsa, kenako chimagweranso mkati. Amene anaonapo chivundikiro chikuvina pa poto wa nyemba akudziwa kale zimenezi. Delta Cephei imachita zotere pa masiku 5.37 aliwonse, RR Lyrae pa maola 13 ndi theka, pomwe Mira imadikira masiku 332. Koma zina sizipuma n'komwe. Ndi nyenyezi ziwiri zozungulirana, ina n'kumadutsa kutsogolo kwa inzake. Mnyamata wosamva wa ku York, John Goodricke, ali ndi zaka 18 mu 1783, anayeza kuti Algol imazirala pa masiku awiri ndi maola pafupifupi 21, ndipo anaganiza kuti pali chinthu chomwe chimaitchinga. Anamwalira ali ndi zaka 21, asanadziwe kuti analasa.

Ntchito yanga ndi kunena kuti iyi ndi yopuma, iyi ndi yotchingana, ndipo ngati ndi yopuma, ndi ya mtundu uti. Polankhula zimapepuka.

Mukatsegula manambala aja n'kuwajambula monga abwerera, mumaona ngati mpunga wotayikira pansi. Telesikopu sikhala pa nyenyezi imodzi. Imaijambula lero, n'kudzabweranso pakatha masiku awiri kapena atatu, mitambo ikalola. Kenako nyenyeziyo imabisala kuseri kwa dzuwa miyezi ingapo. Pamenepo nyenyezi yake ndi yoti imatsiriza kupuma kumodzi pa theka la tsiku. Ndiye timapinda. Ganizirani chitenje chachitali chomwe maluwa ake amabwerezabwereza. Mukachipinda pa muyezo woyenera, duwa limagwera pa duwa linzake, tsamba pa tsamba, ndipo mukachiyang'ana padzuwa mumaona duwa limodzi loyera bwino. Mukaphonya ndi chala chimodzi chokha, zonse zimasokonekera. Muyezo wopindirawo ndiye period, nthawi imene nyenyezi imatenga kuti ibwerere pomwe inayambira. Zaka khumi za madontho obalalika zimagwera pa mzere umodzi wosalala, ndipo kunena zoona mpaka lero mtima umandidumphabe zikatero.

Sitiyesa miyezo yonse ndi manja. Pali njira ya masamu imene Nicholas Lomb analemba mu 1976, Jeffrey Scargle n'kuiwongolera mu 1982, yomwe imayesa miyezo zikwizikwi n'kukuuzani umene wagwirizana kwambiri ndi madonthowo. Imathamanga, ndipo imanama mosaphethira.

Bodza lake loyamba limachokera kwa ife eni, pansi pano. Mukamadutsa pamsika tsiku lililonse nthawi ya 12 koloko n'kupeza mayi wina atakhala pa tomato wake, mukhoza kulumbira kuti sadzuka. Telesikopu nayo imaona nyenyezi pafupifupi nthawi imodzimodzi usiku uliwonse, chifukwa dziko limazungulira pa maola 23 ndi mphindi 56. Kuzungulira kumeneku kumalowerera m'manambala. Nyenyezi ya period ya tsiku 0.567 imatha kupindika bwinobwino pa 0.36, ndipo nambala yachiwiriyo ndi yokwanira kuisamutsira ku banja lina. N'chifukwa chake ndimakonda deta ya matelesikopu a ASAS-SN, ngakhale kuti magalasi ake ndi ang'onoang'ono, a masentimita 14 basi: ali ku Hawaii, ku Chile, ku Texas komanso ku Sutherland kuno ku South Africa, kotero kwina kukamacha kwina kumakhala kukuda, ndipo mayi uja timamugwira ataimirira. Mwezi nawo uli ndi bodza lake. Ndikaona period ya masiku 29 ndi theka pa nyenyezi yozirala, sindisangalala. Ndimadziwa kuti mwina ndayeza kuwala kwa mwezi osati nyenyezi. Nambala iliyonse yoyandikira tsiku limodzi, theka la tsiku kapena chaka ndimaiona ngati mlendo wofika usiku wopanda katundu.

Period ikapezeka, timayang'ana nkhope ya mzerewo. Solon Bailey wa ku Harvard, pogwiritsa ntchito zithunzi za pagalasi zojambulidwa ku Arequipa m'dziko la Peru, anagawa nyenyezi za mtundu wa RR Lyrae za m'gulu la Omega Centauri m'mitundu itatu mu 1902: a, b ndi c. Lero a ndi b tinaziphatikiza kukhala RRab. RRab siivuta, ngakhale mwana angaizindikire mutamuonetsa kawiri: imakwera mwadzidzidzi n'kutsika pang'onopang'ono, ngati dzino la sowo. Algol ndi abale ake nawo savuta, ndi mzere wowongoka wokhala ndi maenje awiri, lakuya ndi losaya. Mira ndi chimphona, kusintha kwake simungakuphonye. Vuto ndi c.

RRc imakwera n'kutsika mofatsa ngati funde la panyanja kopanda mphepo, pa maola asanu mpaka khumi ndi limodzi. Tsono pali banja lina, la W Ursae Majoris, lomwe timalitchula mwachidule kuti EW. Izi ndi nyenyezi ziwiri zoyandikana mpaka kukhudzana, zooneka ngati mtedza wa maso awiri uli m'khoko. Zikamazungulira, kuwala kumatsika kawiri pa ulendo umodzi, ndipo maenje awiriwo amangotsala pang'ono kufanana. Njira ya Lomb ndi Scargle imaona maenje awiriwo ngati dzenje limodzi, n'kukupatsani theka la period yeniyeni. EW ya maola 15 imabwera itavala malaya a RRc ya maola 7 ndi theka.

Apa m'pamene ndinagwa, chaka changa choyamba. Ndinapatsidwa mulu wa nyenyezi kuti ndipatule za RR Lyrae, ndipo ndinamaliza msanga, monyadira. Mayi wina wachikulire wa pantchitopo, amene anayamba ntchitoyi zithunzi zikadali za pagalasi, anatsegula zingapo mwa zomwe ndinalemba kuti RRc. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Mwapinda kawiri?" Sindinamve. Anatenga imodzi, n'kuchulukitsa period yake kawiri, n'kupindanso. Funde limodzi lija linasanduka awiri, ndipo dzenje lina linali lakuya pang'ono kuposa linzake, pang'ono zedi, koma nthawi zonse lomwelo. RRc singadumphitse chotero mosalekeza kwa zaka. Anatsegula ina, chimodzimodzi. Ndinabwerera pampando wanga nkhope ili yotentha, n'kuyambiranso mulu wonse.

Iwo ndi amene anandiphunzitsa tizizindikiro tomwe mabuku amangotitchula modutsa. EW imakhala yobulungira pamwamba koma yosongoka pansi. RRc imapendekeka pang'ono, ndipo nthawi zambiri imakhala ndi kanundu itatsala pang'ono kufika pachimake. Ngati muli ndi miyezo ya mitundu iwiri ya kuwala, monga ya ZTF ya ku Palomar yomwe imajambula mobiriwira ndi mofiira, yerekezani: nyenyezi yopuma imatentha ikamawala, choncho kusintha kwake kumakula kobiriwira kuposa kofiira, pomwe yotchingana imasintha pafupifupi mofanana konse. Ndipo musaiwale kuyang'ana chithunzi chenichenicho. Pa telesikopu ya TESS, kadontho kamodzi ka kamera kamameza thambo lalikulu moti nyenyezi yodekha imatha kubwereka kusinthasintha kwa yoyandikana nayo, inu n'kulemba dzina la munthu wosalakwa.

Wina angafunse kuti kulakwitsa koteroko kumapweteka ndani. Kumapweteka mapu. Mu 1912 Henrietta Leavitt, amenenso anali ndi vuto la kumva, anaonetsa ndi nyenyezi 25 za mu Small Magellanic Cloud kuti Cepheid, nyenyezi ya mtundu wa Delta Cephei, ya period yaitali imakhala yowala kwambiri. Kuyambira pamenepo nyenyezi zopuma zinasanduka nyali zodziwika mphamvu yake: ukadziwa mphamvu ya nyali, kuzirala kwake kumakuuza kutalika kwa mtunda. Edwin Hubble anapeza imodzi ku Andromeda mu 1923, ndipo mkangano woti kaya kunja kwa Mlalang'amba wathu kuli milalang'amba ina unatha. Za RR Lyrae zonse zimawala pafupifupi mofanana, kuposa dzuwa maulendo makumi anayi kapena asanu, n'chifukwa chake timayezera nazo malire a Mlalang'amba. EW ndi kandulo poyerekeza ndi zimenezi. Mukailemba kuti RRc, mwaitaya kutali kawiri kapena katatu kuposa pomwe ili, ndipo wina wokhulupirira kaundula wanu adzalemba nkhani ya mtsinje wa nyenyezi umene kulibe.

Masiku ano diso la munthu silingakwanitse. OGLE, ntchito ya akatswiri a ku Warsaw yomwe yakhala ikujambula thambo kuchokera ku Las Campanas m'dziko la Chile kuyambira 1992, ili ndi nyenyezi zosinthasintha zoposa miliyoni imodzi. Telesikopu ya Gaia, potulutsa deta yake yachitatu pa 13 June 2022, inabweretsa zoposa mamiliyoni khumi, za RR Lyrae zokha pafupifupi 270,000. Ndipo Rubin Observatory, ya kamera ya mamegapikiselo 3,200, inaonetsa zithunzi zake zoyamba mu June 2025. Choncho timaphunzitsa kompyuta. Pa nyenyezi iliyonse timaipatsa period, kukula kwa kusintha, mtundu wa kuwala, ndi manambala ofotokoza kupendekeka kwa mzere, ena mwa iwo ochokera ku ntchito ya Norman Simon ndi Albert Lee ya mu 1981. Njira yomwe ndimadalira kwambiri ndi random forest: mitengo mazanamazana ya mafunso a inde kapena ayi, uliwonse n'kuponya voti yake.

Sindine mdani wa makinawa. Popanda iwo bwenzi ndidakali pa mulu woyamba uja. Koma ndimadziwa komwe anaphunzira. Anaphunzira pa makaundula olembedwa ndi anthu, ena osamala ngati a OGLE, ena othamanga ngati ine wa chaka choyamba. Mwana wa nkhanu sayenda mowongoka. Komanso makina ophunzitsidwa pa nyenyezi zowala, zoyezedwa maulendo chikwi, amadzidalira mofananabe mukawapatsa nyenyezi yozirala ya madontho makumi anayi. Choipa kwambiri n'chakuti mukawapatsa mabokosi khumi, chilichonse amachiponya m'limodzi mwa khumiwo. Sadziwa kunena kuti sindikudziwa, pokhapokha mutawakakamiza. Ine ndikaona 0.98 pambali pa dzina la nyenyezi, ndimamva kuti mitengo yagwirizana. Kugwirizana kwa mboni zomwe zinamva nkhani kwa munthu mmodzi si umboni wochuluka.

Ndiye m'mawa uliwonse ndimayamba ndi zimene makina akayikira, kenako ndimatola mwachisawawa zina mwa zimene sanakayikire n'komwe. Zambiri ndimazipatsa masekondi atatu. Zina zimandidyera tsiku. Pali za RRab zomwe zikapindidwa mzere wake sukhala umodzi, umayalana ngati tsache, chifukwa msinkhu wa funde umakula n'kuchepa pa milungu ingapo. Sergei Blazhko anaziona mu 1907 pa RW Draconis, RR Lyrae yeniyeniyo imatero pa masiku pafupifupi 40, ndipo akatswiri akukanganabe za chifukwa chake. Makina osaphunzira bwino amazitaya ngati deta yoipa. Ine ndili ndi foda yomwe ndinailemba m'Chichewa kuti "Sindikudziwa", kuti anzanga asaitsegule mwachidwi n'kundithandiza kuikonza.

Disembala wina ndili kwathu ku Dedza, ndinawerengera kuti Algol izirala cha m'ma 9 koloko usiku. Imaoneka ndi maso, chakumpoto, ndipo ikafika pansi pa dzenje lake imatsala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kwake. Madzulo a dzulo lake ndinali nditawaonetsa amayi pomwe ili, n'kuwapempha kuti aiyerekeze ndi ina yoyandikana nayo. Tsikulo tinayala mkeka pabwalo titangotha kudya. Pasanathe ola mitambo inakwera kuchokera kuphiri, mphepo n'kununkha mvula.

"Tidzaona mawa," anatero amayi akupinda mkeka.

"Mawa ayi, amayi. Mpaka patapita masiku atatu, koma idzachita dzuwa lisanalowe. Kenako masana, kenako m'mawa."

"Nanga madzulo ngati ano liti?"

Ndinawerenga pa zala. Maulendo asanu ndi awiri, masiku makumi awiri. Tikiti yanga yobwerera inali ya sabata yotsatira.