Sipika Yatsopano ndi Mpunga wa M'nkhokwe

Amayi anzanga, mlungu uno ndati ndikuuzeniko za m'nyumba mwanga, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ndili mtsikana, bambo anga anali ndi wailesi ya Nzeru, ija inkapangidwa ku Blantyre. Madzulo tinkaizungulira pakhonde kumvera MBC, ndipo mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa. M'chaka cha 1995, pamene Nyanja ya Chilwa inaphwa, matemba nasowa padoko la Kachulu, kawailesi komweko ndiko kankatiuza za mvula. Mawu ake anali aang'ono, koma aliyense ankamva.

Mwezi wathawu alamu anga anabwera kuchokera ku Joni. Anaonetsa bambo a kunyumba zithunzi pafoni za sipika ya m'nyumba yapamwamba, imene eni ake angoikonzanso ndi kuitulutsa mwatsopano. Zina za mtundu umenewu mtengo wake umaposa wa galimoto. Ife sitingafikeko, komabe mtima wa bambowo unatengeka. Sipika yathu, imene timayendetsa ndi sola, anayamba kuiona ngati chinthu chotha ntchito, ndipo zoonadi inali itayamba kusasa mawu. Anati tigulitse matumba awiri a mpunga, tikagule yaikulu ku Zomba. Mpungawo ndinali nditausungira miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Kutacha ndinati, "Bambo, bwanji tiyambe taipititsa kwa wokonza?" Anavomera monyinyirika.

Wokonzayo ataitsegula, ndinadabwa kuona kuchepa kwa zam'kati: maginito, kawaya kowonda kokulungidwa, ndi chinthu chonga mbale chopangidwa ndi pepala lolimba. Magetsi akadutsa m'kawayako, maginito amakakankha ndi kukakoka. Mbaleyo imanjenjemera, nigwedeza mpweya, ndipo ife timamva mawu. Mbale yaikulu imatulutsa mawu a pansi ngati a ng'oma, yaing'ono imatulutsa mawu a m'mwamba. Mwana wathu wa ku sekondale anandiwerengera kuti nzeru imeneyi anaionetsa Chester Rice ndi Edward Kellogg ku America mu 1925, ndipo masipika ambiri, otchipa ndi odula omwe, amagwirabe ntchito chomwecho. Opanga akati atulutsa yatsopano, kawirikawiri amakhala atasintha zipangizo za mbaleyo, bokosi lake, kapena kachipangizo kogawa mawu pakati pa mbale ziwirizo. Kusiyanako kumamveka bwino m'chipinda chabata, osati m'nyumba yamalata mvula ikugwa.

Yathu inali itangong'ambika m'mphepete mwa mbale chifukwa choikweza mopitirira. Anaikonza pamtengo wosafika ndowa imodzi ya mpunga.

Tsono amayi, ngati kwanu mukufuna kugula, sungani malangizo awa. Wogulitsa amakweza nyimbo kuti chifuwa chanu chigunde. Inu mumpemphe atsitse, ndipo aike munthu wolankhula. Sipika yabwino ndi imene mawu ake amamveka onse ngakhale itatsitsidwa. Mufunsenso ngati batire ndi sola yanu zingakwanitse kuiyendetsa, pakuti yaikulu imadya moto wambiri.

Musaiwale makutu a ana. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pamlungu akumvera phokoso la madesibelo 80, umene ndi muyeso wa kukula kwa phokoso. Ife tilibe choyezera, koma ngati mukuchita kukuwa polankhula ndi munthu amene ali pafupi nanu, dziwani kuti mwakweza kwambiri. Makutu akafa ndi phokoso sachira.

Sindikunena kuti bambo analakwa kukhumbira. Munthu wogona panyanja, akulimbana ndi mphepo ndi udzudzu, ayenera kusangalala akafika pakhomo. Koma nyanja yathu inaphwanso mu 2018, ndipo amene anali ndi mpunga m'nyumba ndiwo anagona atadya. Tagwirizana kuti tikakolola, nyanja ikatikomera mtima, tidzapita tonse awiri kukasankha, aliyense ndi makutu ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pakali pano sipika yakale ikuimba bwino, ndipo matumba awiri aja akadali pamalo pake.