Dzuwa Lotulukira Kuseri kwa Mapiri a Namizimu

Amayi anzanga, ife timadzuka mbandakucha tsiku ndi tsiku, koma kodi munayamba mwatulapo mtsuko pansi ndi kupenya kum'mawa? Ineyo sindinkatero, kufikira pamene mwana wanga amene ali ku Joni anandipempha chithunzi cha kwathu, poti mtima unali kumuwawa pokumbukira kumudzi.

Mukafika pa boma la Mangochi m'mwezi wa Seputembala, lawirirani pa mlatho wa Bakili Muluzi, pafupi ndi chipilala cha wotchi chija chinamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Fikani 5 koloko, pakuti dzuwa limatuluka cha m'ma 5:30. Pansi panu mtsinje wa Shire uli kuyenda mwakachetechete, kuchokera m'nyanja ya Malawi kunka ku Malombe. Patsogolo panu pali mapiri a Mangochi ndi Namizimu, kumene msewu umakwera kunka ku Namwera ndi Chiponde.

Poyamba mapiriwo amaoneka bii ngati mphika. Kenaka thambo limayamba kufiira, mabwato a asodzi nkumaonekera pamadzi, nkhwazi nayo ili kulira m'mitengo. Ndiyo nyengo imene mphepo ya mwera yaleka ukali, ndipo mitengo ya mombo ndi tsamba yaphuka masamba ofiira mvula isanagwe.

Pojambula ndi foni, pukutani kagalasi kake ndi nsonga ya chitenje, tsamirani pachitsulo cha mlatho kuti manja asanjenjemere, ndipo jambulani dzuwa lisanasuzumire. Likatuluka lonse chithunzi chimangoyera mbee. Kuona maso a nkhono nkudekha. Komanso musajambule munthu wosamba kapena wochapa padooko, ndipo msodzi muyambe mwampempha.

Mwana wanga atalandira chithunzicho anandifunsa kuti, "Amayi, nanga mitengo ija inapita kuti?" Ndinasowa choyankha. Nkhalango za m'mapiri amenewa boma linayamba kuziteteza mu 1924, koma makala, nkhuni ndi moto wolusa zazidya m'malo ambiri. Phiri likakhala lopanda mitengo, dothi limakokolokera m'nyanja ndi kukwirira malo oswanirana chambo. Mbale yathu yomwe ndiyo imachepa ndiwo.

Tsono pamsonkhano wa gulu lanu kambiranani za mbaula zosatha nkhuni, ndi za nazale ya mitengo yoti mudzabzale mvula ikagwa. Chithunzi chanucho sungani bwino, ndipo chaka chamawa mudzaimenso pamalo omwewo ndi kujambula china, kuti mudzafanizire.