Tayala limakalamba ngakhale mizere ikuoneka

Ine ndimakhala kuno ku Bulawayo ndipo ndimayendetsa Hiace yakalekale yokoka telela, kunyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi kuno. Galimoto yakale ndimaikonda chifukwa ngongole yake inatha, ndipo injini yake makaniko aliyense amaidziwa. Koma pa zaka zomwe ndayenda mumsewu wa Beitbridge, galimoto zambiri zomwe ndaziona zitafa m'mbali mwa msewu sizinafe injini. Zinali tayala, manati kapena beringi. Ndiye lero tikambirane za miyendo ya galimoto.

Ndiyambe ndi zaka. Tikamagula tayala la kaunjika, ambirife timalowetsa chala m'mizere, tikaona kuti ndi yakuya basi tatulutsa ndalama. Koma labala imauma ndi zaka ngakhale tayala lisanagunde tala. M'mbali mwa tayala muli malemba oyamba ndi DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 3517, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 35 m'chaka cha 2017. Mukapeza manambala atatu okha, limenelo ndi la chaka cha 2000 chisanafike, lisiyeni akapangire nkhwaila. Makampani ambiri a matayala amati likakwana zaka 5 liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Ine kumbuyo komwe kumakhala katundu sindiikako tayala lodutsa zaka 6. Pindani khosi muyang'anenso m'mbali ndi m'kati mwa mizere. Mukaona timing'alu ngati chidendene cha m'chilimwe, kapena chotupa, musatenge ngakhale akuchotsereni mtengo.

Chachiwiri ndi mphamvu yonyamula. Hiace ndi Quantum zimafuna tayala lokhala ndi chilembo C, monga 195R14C kapena 195R15C. Pambali pake pamakhala nambala ngati 106/104. Nambala 106 ikutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilo 950 likapopedwa mokwanira. Tayala la galimoto yaing'ono, monga 195/65R15 lolembedwa 91, limanyamula makilo 615 okha. Limalowa bwinobwino pa rimu ya 15, ndiye anthu amanamizika. Koma pa matayala awiri akumbuyo mwataya makilo 670, omwe ndi matumba 13 a simenti ndi kuposerapo. Samalaninso ndi matayala a m'chipale chofewa omwe amabwera ndi galimoto za ku Japan, aja olembedwa studless kapena okhala ndi chithunzi cha phiri. Labala yake ndi yofewa, siinapangidwire tala wa ku Beitbridge komwe mwezi wa Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40.

Kutenthako ndiye mdani wamkulu. Kuchoka pa boda kufika ku Bulawayo kudzera ku Gwanda ndi makilomita pafupifupi 320. Tayala lochepa mpweya limapindika m'mbali nthawi iliyonse likazungulira, limatentha m'kati, mawaya amasiyana ndi labala, kenako phuu! Yezani mpweya m'mawa galimoto isanayende, ndipo mugule geji yanuyanu chifukwa za pa filing'i siteshoni zina zimanama. Mukayeza pakati pa ulendo mupeza mpweya wakwera. Musaphwetse. Umakwera chifukwa cha kutentha, ndipo mukauchotsa tayala litentha kuposa poyamba. Inu a matayala awiriawiri kumbuyo, muziyezanso lamkati, chifukwa likaphwa lakunja limasenza lokha mpaka nalo kuphulika. Ndipo awiriwo akhale a saizi imodzi, otha mofanana.

Nthawi ina pakati pa West Nicholson ndi Gwanda ndinaima kuthandiza mnzathu wina wokoka telela. Tayala lake silinaphulike, linachoka lonse n'kulowa m'tchire. Anali atangosinthitsa matayala dzulo lake. Telela inakhula pansi, mafiriji awiri a mayi wina anaphwanyika, ndipo mayiyo anangokhala pa mwala osayankhula, poti ndalama yake yonse ya chipeleganyu inali m'mafirijimo. Titayang'ana tinapeza mabowo a rimu atakula ngati mazira. Manati anamasuka pang'onopang'ono. N'chifukwa chake ndimati mukangosintha tayala, yendani makilomita 50 mpaka 100, imani, mangitsaninso manati onse. Mangani modumphadumpha, osati motsatana. Musalole mnyamata wa pa matayala kukwera pa chitsulo chachitali n'kumadumphapo, chifukwa bawuti imatamuka n'kudzathoka tsiku lina muli pa liwiro. Mukaona mzere wa dzimbiri ukuchokera pa nati, dziwani kuti ikusewera. Enanu a Canter, Dyna ndi Isuzu zakale, onani ngati pamutu pa bawuti za kumanzere palembedwa L. Zimenezo zimamasukira mbali yosiyana, ndipo ambiri athyola mabawuti poganiza kuti zangolimba.

Rimu yong'aluka musaiwotcherere, itayeni. Ikapindika m'mphepete chifukwa cha maenje, monga aja omwe takhala tikulimbana nawo mumsewu wa ku Hwange, imataya mpweya pang'onopang'ono. Poika tayala latsopano sinthaninso valavu, mtengo wake ndi wochepa. Beringi nayo imachenjeza isanafe. Mukaima pa tolugeti kapena pogula chakudya, zungulirani galimoto, yandikitsani kuseri kwa dzanja pakati pa wilo lililonse. Limodzi likatentha kuposa anzake, ndiye kuti beringi yauma girisi kapena buleki ikugwira. Pa telela ndimakweza jeke ulendo uliwonse usanayambe, n'kugwedeza wilo ndi manja awiri. Likamagogoda, sindinyamuka. Tayala likamadyeka mbali imodzi, vuto lili pa alaimenti kapena mabushi, ndipo latsopano mukaikapo lidyekanso chimodzimodzi.

Za malamulo, kuno ku Zimbabwe apolisi ndi a VID amafuna sipeya yabwino, jeke, sipanala ya mawilo, matirayango awiri ndi chozimitsira moto. Ku South Africa mizere ya tayala isachepere milimita imodzi. Koma milimita imodziyo ndi yopulumukira chindapusa chabe. Mvula ikayamba mu Novembala, tayala lotere limayandama pamadzi. Kumbukiraninso kuti sipeya ya galimoto nthawi zambiri siilowa pa telela, choncho telela ikhale ndi yakeyake, yopopa.

Tsopano kwa inu amayi ndi abambo amene mumatipatsa katundu. Mumakambirana nafe mtengo kwa ola lathunthu, koma sindinaonepo ambiri akuwerama kuyang'ana tayala. Katunduyo ndi wanu, ndipo nthawi zina mumakwera nawo momwemo. Muli ndi ufulu wofunsa kuti, “Adalaivala, sipeya ilipo? Tingaione?” Dalaivala wosamala sakwiya ndi funso limeneli. Ndipo tikakuuzani kuti galimoto yadzaza, musatikakamize kuti tionjezereko kabelo kamodzi kokha. Kabelo kamodzi ka munthu aliyense ndi kamene kamaphulitsa tayala usiku pamalo opanda netiweki.

Ndikudziwa kuti ndalama ikuvuta. Ine ndimapatula kangachepe pa ulendo uliwonse, kuti nthawi ikakwana ndigule awiri atsopano nthawi imodzi m'malo mogula anayi a kaunjika kawiri pachaka. Musananyamuke ulendo wotsatira, tengani tochi, pitani pa galimoto yanu mukawerenge manambala anayi aja pa tayala lililonse, osaiwala sipeya. Amene mwapeza la zaka zoposa 10, tiuzeni pansipa, tikuthandizeni kufunsa mitengo. Muyende bwino nonse.