Mwana Wakumva Koma Wosagwira Mawu

Pa madrasa maphunziro amalowera m'khutu. Ustazi amatchula, mwana amamvetsera nabwereza. Nchifukwa chake aphunzitsife timaona msanga vuto limene makolo ambiri salidziwa. Pali ana ena amene makutu awo ndi abwinobwino, koma ubongo wawo umavutika kusanja mawu amene makutuwo alandira. Achipatala amalitcha vutoli auditory processing disorder.

Pa madrasa yathu kuno kwa Chitukula ndakumana nawo ana otere. Ndalama yachitsulo ikagwa pansi amatembenuka, koma anzawo akayamba kuwerenga onse pamodzi mokweza, iwo amangoti kakasi. Amasokoneza sin ndi swad, kaf ndi qaf. Kunyumba mukawatuma mchere, sopo ndi machesi, amabwera ndi mchere wokha. Mapeto ake amatchedwa amwano kapena mbuli, ena amalawa chikoti, ndipo akamakula amathawa madrasa ndi sukulu yomwe.

Ndikamukayikira mwana ndimachita chonchi. Ndimakhala naye pamalo a zii, ndiima kumbuyo kwake kuti asaone milomo yanga, nditchula manambala anayi kuti abwereze. Kenaka timachita zomwezo anzake akuwerenga. Akakhoza pa zii nalephera paphokoso, ndimaitana makolo.

Kumeneku sikuyeza kwa chipatala ai. Akatswiri a makutu alipo ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe, imene idatsegulidwa mu 2013, ndi ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Iwo amayamba aona ngati khutu lenilenilo likumva, pakuti mafinya a m'khutu ndi malungo aakulu, amene savuta kupezeka kunyanja, amatha kuononga kumva. Ukatero ndiye pamabwera mayeso a kumvetsera, monga kumva mawu pakati pa phokoso, kapena manambala osiyana m'makutu onse awiri nthawi imodzi. Kawirikawiri mayeso amenewa amafuna mwana wa zaka 7 kapena kuposerapo.

Poyembekeza zonsezi, makolo ndi maustazi anzanga, mukhazikeni mwanayo kutsogolo. Muitaneni dzina musanalankhule, akuyang'aneni kumaso. Mutumeni chinthu chimodzi, akatha mumutume china. Zimitsani wailesi pamene akuloweza sura.

Ana awa ndi amana imene Allah adatisungitsa. Tisanatole chikoti, tiyambe tafunsa ngati mawu athu afikadi.